Makalata a Omvera: Liwu la "play" likafika ku Finland

Takulandirani ku gawo la makalata. Atatu mwa makalata a sabata ino akuzungulira liwu limodzi la Chingerezi, play, ndiye tawaika pamodzi. Tiyambe ndi yochokera kutali, kwa mayi wina amene akukhala mumzinda wa Tampere ku Finland.

"Zikomo achimwene chifukwa cha pulogalamu yathuyi, timaimvera pa intaneti. Ine ndimagwira ntchito pa sukulu ya mkaka, kuno amati päiväkoti, ndipo madzulo ndimaphunzira Chifinishi. Ndikayang'ana play m'buku lomasulira mawu ndimapeza leikkiä, pelata, soittaa ndi näytellä, onse pamzere umodzi. Ndikanena za ana ali pamchenga anzanga akuntchito amandikonza, ndikanena za ana omwewo ali ndi mpira amandikonzanso. Ndigwire liti?"

Mayi, gwirani onse, koma bukulo muyambe mwalitseka kaye. Likukusokonezani chifukwa mukudutsira ku Chingerezi, kumene mwana woumba dothi, wosewera mpira, woimba gitala ndi wochita zisudzo onse amangoti play. Mfinishi amayamba waona chimene munthuyo akuchita.

Ana akakhala pamchenga, akuphika masanje, akubereka chidole kumbuyo, imeneyo ndi leikkiä. Mudzamva anzanu akuti "lapset leikkivät pihalla", kutanthauza kuti ana akusewera pabwalo. Masanje enieniwo amati leikkiä kotia, kusewera zapakhomo. Palibe wowerenga zigoli, palibe wopambana. Koma ana omwewo akangoika miyala iwiri kuti apa ndi pagolo, n'kuyamba kukangana kuti mpira walowa kapena sunalowe, asamukira ku pelata. "Pelaan jalkapalloa" ndi kunena kuti ndimasewera mpira wamiyendo. Makhadi, masewero a pa foni, ngakhale juga, zonse ndi pelata. Bawo wathuyu atafika kumeneko angagwere komweko. Ndipo poti muli ku Tampere, kwawo kwa matimu a Tappara ndi Ilves a masewero a pa madzi oundana aja amati jääkiekko, liwu limeneli mulimva mpaka makutu kuwawa.

Malire ake sanalembedwe ndi rula ayi. Chibisalirano chili ndi malamulo ake, wina amapezedwa, koma Afinishi amachiikabe ku leikkiä chifukwa ndi cha ana. Munthu wamkulu mukamuuza kuti aku-leikkiä, mwamutenga ngati mwana, kapena mukumuchenjeza kuti akuchita chibwana ndi chinthu choopsa, monga amanenera za woseweretsa moto.

Chenjezo limodzi, poti mumagwira ntchito ndi ana komanso masizasi: leikkiä ndi kusewera, leikata ndi kudula. "Lapset leikkivät" ndiye kuti akusewera, "lapset leikkaavat" ndiye kuti akudula. Kholo likabwera kudzatenga mwana, tchulani bwino.

Mawu awiriwa, leikkiä ndi pelata, si mbadwa za Chifinishi. Anachokera kwa anansi awo a ku Sweden, amene analamulira Finland kwa zaka mazana angapo mpaka 1809, ndipo Chiswidishi mpaka lero ndi chilankhulo chachiwiri cha boma kumeneko. Näytellä musavutike naye, ndi kuchita zisudzo, ndipo sewerolo ndi näytelmä. Soittaa ndamusiya dala, chifukwa kalata yotsatirayi ndi yake.

Yalembedwa ndi mnyamata wa ku Kasungu amene amaimba kiyibodi m'kwaya ya kutchalitchi kwawo.

"Bambo muulutsi, msuweni wanga akuphunzira ku Helsinki. Wandiuza kuti kumeneko liwu loimbira gitala ndi lomwelo loimbira foni. Ine ndamuuza kuti wasowa kumudzi, wangotenga Chichewa n'kuchiveka jekete. Ndani akunena zoona?"

Achimwene, mukamupepese msuweni wanuyo. "Soitan kitaraa" ndi kunena kuti ndimaimba gitala. "Soitan sinulle huomenna" ndi kunena kuti ndikuimbira mawa. Liwu ndi limodzi, soittaa, ndipo belu la pakhomo nalonso amali-soittaa. Gwero lake ndi soida, kulira kwa chinthu. Foni ikamalira amati "puhelin soi". Tsono soittaa ndi kuchititsa chinthu kuti chilire, chimodzimodzi mmene ife timachokera pa kulira n'kufika pa kuliza. Woliza belu, woliza gitala, woliza foni ya mnzake, kwa iwo ndi ntchito imodzi. Choimbira chawo chamakolo, kantele, chimene chakale chinkakhala ndi nsambo 5, nachonso amachi-soittaa, ndipo kiyibodi yanuyo ili m'gulu lomwelo.

Pamene tasiyana nawo ndi pakamwa. Ife kuimba kwathu kumatenga nyimbo ya pakamwa, choimbira ndi foni. Iwo nyimbo ya pakamwa anaipatula, amati laulaa. Choncho m'kwaya mwanumo inu muku-soittaa, anzanu a soprano aku-laulaa. Mngerezi ndiye anamwaza zitatuzi m'mawu atatu osiyana, sing, play ndi call. Wophunzira wa kuno akamaloweza Chifinishi kudzera m'Chingerezi amadabwa kuti gitala ndi foni zakumana bwanji, chonsecho agogo ake akhala akuzikumanitsa chibwerere lamya.

Musafulumire kunena kuti ndife pachibale. Chifinishi abale ake ndi Chiesitoniya, ndipo chapatali Chihangare. Kufananaku kwangochitika, monganso liwu lawo hän limene limaimira mwamuna ndi mkazi yemwe ngati iye wathu. Koma kwa mayi a ku Tampere aja, ndi phindu ndithu: pa liwu ili ganizani m'Chichewa.

Ina yaifupi, yochokera kwa bambo wina wokonza magalimoto ku Limbe.

"Ife kugalaja tikagwedeza chiwongolero n'kuona kuti chikuyenda chokha matayala asanatembenuke, timati chili ndi play. Nanga ameneyu ku Finland amamutcha chiyani? Komanso batani la play pa wailesi ya m'galimoto?"

Bambo, mwatibweretsera awiri amene mayi aja sanawapeze pamzere wawo. Kukhwepa kwa chiwongolero kapena kwa beringi, kampata kaja ka pakati pa zitsulo ziwiri, amati välys, kuchokera ku väli, mpata. Mukati chiwongolero chiku-leikkiä, makanika wa ku Finland angokuyang'anani. Koma mukamumva akunena kuti injini "pelaa", musadandaule, m'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku akutanthauza kuti ikugwira bwino ntchito. Batani lija, pa foni kapena kompyuta yoikidwa m'Chifinishi pamalembedwa toista, kuchokera ku toistaa, kubwereza, chifukwa makinawo amangobwereza zimene zinajambulidwa kale.

Makalata otsalawo, kuphatikizapo ya mphunzitsi wa ku Chipata yofunsa za liwu la miss, tiwawerenga sabata yamawa.