Makalata a omvera: ulendo woyamba wa ku Addis Ababa

Takulandirani omvera athu, nthawi yotsegula thumba la makalata ija yakwana. Atatu amene ndasankha lerowa akufunsa za mzinda umodzi, Addis Ababa, likulu la dziko la Ethiopia.

Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Nsanje, mphunzitsi. Akuti: "Mwezi wamawa tikupita ku msonkhano kulikulu la African Union, ndipo ndege ndikwera koyamba. Mnzanga akuti kumeneko mpweya ndi wochepa, munthu amatha kukomoka pamsewu. N'zoona?"

Amayi, mnzanuyo wakokomeza, koma sananame. Addis Ababa ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,350 kuchokera pa nyanja yamchere. Lilongwe ili cha pa 1,050, pomwe kwanu ku Nsanjeko simufika n'komwe mamita 100. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita 3,002, ndiye mungaone nokha pomwe ndegeyo ikakutuleni. Kumwamba kotere mpweya umapepuka: mukaukoka kamodzi, thupi limalandira okosijeni wochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi munthu ali m'mphepete mwa nyanja yamchere.

Mukakhala pampando simumva kanthu. Mudzazindikira pamasitepe. Mukangokwera nsanjika imodzi sutukesi ili m'manja, befu, mtima thi thi thi ngati mwathamangitsidwa ndi galu. Ena mutu umawawawa, ena amamva kachizungulire, ndipo usiku woyamba tulo timabwera modukizadukiza. Si matenda, komanso palibe wakulodzani, thupi likungophunzira malo. Kwa anthu ambiri zimatha pakapita masiku awiri kapena atatu. Ndiye tsiku lofikalo musadzipanikize: yendani pang'onopang'ono, imwani madzi ambiri a m'botolo, idyani mopepuka, gonani msanga. Anzanu akanena kuti tiyeni tikwere phiri la Entoto tikaone mzinda wonse, auzeni kuti mkuja. Entoto imapitirira mamita 3,000, n'komwe akatswiri othamanga a dzikolo amakachitira masewero olimbitsa thupi, ndipo inu simunabadwire kumeneko ngati iwo.

Apa mvetserani bwino amayi. Mu Addis Ababa mwenimwenimo malungo si vuto, chifukwa ndi kokwera komanso kozizira. Koma inu mukuchokera kuchigwa cha Shire, mutha kunyamuka nawo m'magazi. Mutu ukamawawa thupi n'kutentha, musanamizire phiri. Kusintha kwa mpweya sikutenthetsa thupi. Kayezetseni magazi tsiku lomwelo ndipo muwauze adokotala komwe mwachokera.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Ndirande, akuperekeza mayi awo okalamba kukaona mdzukulu. Gogowo ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi komanso mphumu, ndiye bamboyo akufunsa ngati ulendowu ndi wotheka.

Achimwene, ine si dokotala, ndipo yankho lenileni likachokere kwa adokotala amene amawaona agogowo, tikiti musanagule. Chimodzimodzi aliyense wodwala mtima, mapapo kapena matenda a magazi a siko selo, ndi amayi oyembekezera. Akakulolani, mankhwala onse akhale m'kachikwama ka m'manja, osati m'katundu wopita pansi pa ndege. Mukafika, mukaona agogo akubanika ngakhale atangokhala phee, akudzandira poyenda kapena akuyankhula zosokonekera, musadikire kuti kuche, thamangirani nawo kuchipatala. Muwatengerenso juzi yokhuthala, mpango ndi masokosi. Anthu amaganiza kuti Ethiopia yonse ndi yotentha, koma Addis Ababa usiku imazizira kuposa Dedza, ndipo kuyambira Juni mpaka Sepitembala kumagwa mvula pafupifupi tsiku lililonse, kunja kuli ngati chiperoni chosatha. Masana dzuwa likawala limawotcha khungu ngakhale kamphepo kakuzizira, choncho chipewa chisatsale.

Yachitatu ndi yaifupi, ya mnyamata wa ku Mzuzu wogula nsapato ndi zikwama zachikopa. Akuti: "Ine kuzizira ndinazolowera. Ndingofuna kudziwa, kamodzi kokha madzulo ndingamwe?"

Aphwanga, ndakumvani bwino chimene mukutanthauza! Masiku awiri oyambawo mowa upumuleni. Umaumitsa thupi, umasokoneza kapumidwe mukagona, ndipo matsire a kumtunda kotere ndi ena. Imwani khofi wawo, amamutcha buna, koma m'mawa, chifukwa ndi waukali. Chakudya chachikulu ndi injera, chikate chopyapyala chowawasira chopangidwa ndi ufa wa timbewu ting'onoting'ono totchedwa teff, ndipo ndiwo zake zimakhala ndi tsabola wambiri. Mimba ya nsima iyambe pang'ono. Lachitatu ndi Lachisanu Akhristu a mpingo wa Orthodox amasala nyama, ndiye malo ena odyera mupeza zamasamba, nyemba ndi mphodza basi.

Chimene chingakupwetekeni pa bizinesi yanuyo ndi wotchi. Choyamba, ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. Chachiwiri, iwo amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, moti 7 koloko m'mawa kwa iwo ndi 1 koloko. Wamalonda wa ku msika wa Merkato akakuuzani kuti tikumane 4 koloko, mwina akunena 10 koloko m'mawa. Mufunseni kawiri kuti akuwerengera wotchi iti musanasiyane.