Makalata a omvera: ophunzira za unamwino atilembera

Moni omvera athu nonse kulikonse kumene mukutimvera, takulandirani ku pulogalamu yathu ya makalata. Sabata yatha tinapempha anyamata ndi atsikana amene akuphunzira unamwino kuti atiuze chimene chinawakokera ku ntchito imeneyi komanso mmene maphunzirowa awasinthira. Makalata abwera ochuluka moti sitingawamalize lero, choncho ndasankhapo atatu. Sinditchula maina a olemba, sukulu zawo kapena zipatala zimene akuphunzirirako, popeza nkhani zawo zikukhudza odwala amene chinsinsi chawo chiyenera kusungidwa.

Kalata yoyamba yachokera kwa mtsikana wa chaka chachitatu, ndipo akuti:

"A muulutsi, ine ndinasankha unamwino chifukwa cha agogo anga aakazi amene anandilera. Ndili ndi zaka 14 agogowo anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo pa masabata amene anagonekedwa m'chipatala ndinkaona namwino wina wachikulire akubwera usiku kudzawatembenuza. Asanawakhudze ankayamba wafikisa manja ake kuti afunde, kenako ankawaitana ndi dzina lawo ngakhale kuti agogowo sankatha kuyankha. Ndinatsimikiza mumtima kuti ndidzakhala ngati mayi ameneyo. M'chaka choyamba, nditaona chilonda chachikulu chikutsukidwa, ndinachita chizungulire n'kugwa pansi, ndipo wodwala woyamba kumwalira ndikumusamalira ndinamulira usiku wonse. Koma mwezi watha bambo wina amene ndinawasamalira masiku 9 anamwalira mbandakucha. Ndinathandiza kukonza thupi lawo, ndinasamba m'manja, n'kupita kukathandiza wodwala wa pa bedi lotsatira osagwetsa msozi ndi umodzi womwe. Nditaweruka ndinagona tulo tofa nato. Kodi mtima wanga wauma? Ngati chifundo chimene chinandibweretsa kuno chatha, ndikutsaliranji?"

Achemwali, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo ndikufuna ndiyambe ndi kukubwezerani ku mawu anu omwe. Mwatiuza za namwino amene ankatembenuza agogo anu, koma simunanene kuti munamuonapo akulira. Chimene chinakukhudzani, mpaka mukuchikumbukira zaka zonsezi, ndi manja ofunditsidwa ndi dzina loitanidwa pakati pa usiku. Chifundo cha mayi ameneyo chinali chitachoka m'maso n'kulowa m'manja mwake, ndipo ndikuganiza kuti n'zimene zikukuchitikirani inunso, kungoti palibe anakuuzani kuti zimayenda choncho.

Taganizirani chifukwa chake ankabwera usiku. Munthu amene sangathe kudzitembenuza yekha akagona mbali imodzi nthawi yaitali, khungu la pamalo pamene fupa lili pafupi, monga kumunsi kwa msana, m'chiuno ndi ku zidendene, limapanikizika mpaka magazi amalephera kufikapo, ndipo limayamba kufiira kenako n'kuboola chilonda chimene chimavuta kupola. N'chifukwa chake ophunzira mumaphunzitsidwa kutembenuza wodwala wotere pafupifupi maola awiri alionse, usana ndi usiku. Namwino amene misozi yamutsekereza maso sangaone kufiira kumeneko kukuyamba, ndipo wodwala wa pa bedi lotsatira, amene inu munapitako mutasamba m'manja, ankafunika munthu wa maso ouma ndi mutu wokhazikika.

Pali mayi wina wa ku England, Cicely Saunders, amene anayamba ngati namwino, msana utamuvuta n'kusiya, kenako n'kudzaphunzira udokotala. Mu 1967 anatsegula nyumba yosamaliramo odwala amene atsala pang'ono kumwalira, yotchedwa St Christopher's, mumzinda wa London. Iye ankaphunzitsa kuti ululu wa munthu wotere suli m'thupi mokha, koma umakhalanso m'maganizo, mumzimu ndi m'nkhawa za banja lake, ndipo ankalimbikitsa kupereka mankhwala opha ululu pa nthawi yoikika, osadikira kuti wodwala ayambe wabuula. Mayi ameneyu anakhala pakati pa anthu omwalira kwa zaka zochuluka, ndipo akanati azikomoka ndi chisoni pa imfa iliyonse, ntchito imeneyo sakanaikwanitsa.

Komabe sindikufuna kukunyengererani ngati kuti kuuma mtima kulibe, chifukwa kulipo ndithu, ndipo kumagwira anamwino abwino omwe akatopa kwambiri. Zizindikiro zake si kusowa kwa misozi ayi. Mukadzayamba kutchula odwala ndi nambala ya bedi kapena dzina la matenda awo ngakhale mumtima mwanu, mukadzayamba kupsa mtima wodwala akakuitanani kachiwiri, mukadzalemba mu faelo kuti mwamutembenuza chikhalirecho simunamukhudze, kapena tulo tikadzayamba kukuthawani usiku ndi usiku, pamenepo mudzapite msanga kwa mphunzitsi wanu kapena namwino wamkulu amene mumamukhulupirira, mukamuuze poyera. Koma inu mwawerenga masiku a bambo aja n'kupeza kuti anali 9, ndipo patha mwezi mukuwaganizirabe mpaka kutilembera kalata. Funso limodzi lokha ndikusiyirani kuti mudziyankhe nokha: pokonza thupi lawo, kodi munawagwira mwaulemu monga mmene munkawagwirira ali moyo?

Kalata yachiwiri yalembedwa ndi mnyamata wa chaka choyamba. Iye akuti:

"Kunena zoona, ine sindinalotepo kukhala namwino. Ndinkafuna udokotala koma sindinakhoze mokwanira, ndipo ndinasankha unamwino poona kuti ndi ntchito imene ingandithandize kuphunzitsa azing'ono anga. Tsiku loyamba aphunzitsi atatifunsa chimene tadzera, anzanga ankati ndi maitanidwe, ndipo ine ndinanama n'kunena chimodzimodzi. Anzanga akale amandiseka kuti ndasankha ntchito ya akazi, yotaya mikodzo ya anthu. Koma sabata yatha ndinawerenga kapumidwe ka mayi wina n'kupeza kuti akupuma ka 28 pa mphindi imodzi, pamene m'mawa ankapuma ka 18. Ndinauza sisita woyang'anira wodi, iwo anaitana dokotala mwachangu, ndipo ndinabwerera kunyumba ndi chimwemwe chimene sindinachimvepo. Kodi munthu wolowa ntchitoyi chifukwa cha malipiro angakhale namwino weniweni?"

Achimwene, kufuna kuphunzitsa azing'ono anu si chinthu chochititsa manyazi, ndipo ndikukayika ngati onse amene ananena za maitanidwe tsiku limenelo ankanena zoona zokhazokha. Mayi amene munamuwerengera kapumidweyo sanakufunseni chimene munadzera ku sukulu. Munthu wamkulu wathanzi amapuma pakati pa ka 12 ndi ka 20 pa mphindi imodzi, ndipo kukwera kwa kapumidwe nthawi zambiri kumakhala chizindikiro choyambirira chakuti wodwala akuipiraipira, zina zonse zisanaonekere. Chomvetsa chisoni n'chakuti muyeso umenewu ndi umene anthu otanganidwa amakonda kuulemba mongoganizira, chifukwa umafuna kuti munthu aime chilili mphindi yathunthu akuyang'ana chifuwa chikukwera ndi kutsika. Anamwino odziwa ntchito amagwira dzanja la wodwala ngati akuwerengabe kugunda kwa mtima, pamene maso awo ali pa chifuwa, chifukwa munthu akadziwa kuti mukumuwerengera kapumidwe amasintha mapumidwe ake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo inu munadekha, munakumbukira nambala ya m'mawa, n'kuiyerekeza ndi ya madzulo, kenako munalimba mtima kukanena. Zimenezo sindikudziwa dzina lina loti ndizitchule kupatula unamwino.

Za anzanu okusekaniwo, auzeni za Camillus de Lellis wa ku Italy, amene anabadwa mu 1550. Munthu ameneyu anali msilikali wokonda juga, ndipo chimene chinamufikitsa ku chipatala cha San Giacomo mumzinda wa Rome chinali chilonda cha pamwendo wake chosapola, osati chifundo. Anagwirako ntchito pang'ono n'kuchotsedwa chifukwa cha juga ndi mikangano, koma patapita zaka anabwerera atasintha, anakhala woyang'anira chipatalacho, ndipo anayambitsa gulu la amuna osamalira odwala limene linkavala mtanda wofiira pachifuwa. Maganizo oti unamwino ndi wa akazi okha anakula pambuyo pake, makamaka Florence Nightingale atatsegula sukulu yake ya anamwino pa chipatala cha St Thomas' ku London mu 1860, imene inkalandira akazi okha. Ndipotu naye Nightingale makolo ake sanafune kuti akhale namwino, chifukwa pa nthawiyo inali ntchito yonyozeka. Mu 1854 anapita ndi anamwino 38 ku Scutari, m'dziko la Turkey, kukasamalira asilikali a nkhondo ya ku Crimea, kumene ambiri ankafa ndi matenda monga kolera ndi kamwazi kuposa mabala a kunkhondo, ndipo ntchito imene inkafunika kumeneko inali yomwe anzanu akuinyozayo: kuchapa zofunda, kutaya zonyansa ndi kusambitsa anthu osatha kudzisambitsa.

Chimodzi chokha ndikuchenjezeni. Musakhale namwino amene maso ake ali pa mpando wa dokotala tsiku lililonse, chifukwa mudzayamba kuona kusambitsa ndi kudyetsa wodwala ngati chilango, pamene ndi pa nthawi yomweyo pamene namwino amaona khungu lasintha, mwendo watupa, kapena wodwala wasiya kumeza bwino. Ngati m'tsogolo mudzafune kupitiriza maphunziro, njira zake zilipo, koma zaka zimene muli pa wodi muzikhalapo ndi mtima wonse.

Kalata yomaliza ndi yaifupi, ndipo yachokera kwa mtsikana wa chaka chachiwiri:

"Ndikulemba ndili ndi mantha. M'wodi munali amayi awiri a maina ofanana, ndipo usiku anawasinthanitsa mabedi ine osadziwa. Ndinakonza jakisoni, n'kupita pa bedi limene ndinazolowera, ndipo ndili pafupi kubaya, sisita anandigwira dzanja n'kundifunsa ngati ndawafunsa mayiwo dzina lawo. Sanali iwo. Kuyambira tsiku limenelo manja anga amanjenjemera ndikagwira jakisoni, ndipo ndikuganiza zosiya sukulu ndisanaphe munthu. Ndinalowa unamwino chifukwa ndimakonda kuthandiza anthu, koma mwina kukonda kokha sikukwanira."

Achemwali, mwanena zoona kuti kukonda kokha sikukwanira, ndipo n'chifukwa chake pali sukulu, komanso n'chifukwa chake wophunzira sabaya jakisoni popanda womuyang'anira. Sisitayo anaima pambali panu kuti agwire dzanja lanu pa tsiku ngati limeneli, ndipo dongosolo linagwira ntchito yake. Cholakwa chanu chinali chenicheni, sindichichepetsa: munakhulupirira bedi m'malo mokhulupirira munthu. Lamulo limene munaphunzira m'kalasi, loti musanapereke mankhwala mutsimikize wodwala wake, mankhwala ake, mlingo wake, njira yoperekera ndi nthawi yake, linali mawu a pa mayeso chabe mpaka tsiku limenelo. Ndipo pofunsa dzina musamati, "Kodi ndinu mayi akutiakuti?" chifukwa munthu wodwala, wotopa kapena wosamva bwino amangovomera ndi mutu. Muziti, "Mayi, tandiuzani dzina lanu lonse," kenako muyerekeze ndi zimene zalembedwa mu faelo.

Namwino wina wa ku America, Patricia Benner, anafotokoza mu 1984 kuti luso la unamwino limakula podutsa masitepe asanu, kuchokera pa wongoyamba kumene, amene amadalira malamulo oloweza, mpaka pa katswiri amene amazindikira vuto akangolowa m'chipinda. Inu mudakali pa masitepe oyambirira, pamene chizolowezi chayamba kubwera koma maso sanakhwime, ndipo pamenepo ndi pamene munthu amaterereka mosavuta. Kunjenjemera kwa manjako sikudzatha chifukwa chothawa jakisoni. Mawa m'mawa mupite kwa sisita yemweyo, muwathokoze, muwauze za manthawo monga mwatiuzira ife, ndipo muwapemphe kuti aime nanu pa majakisoni angapo otsatira, inu mukutchula mokweza chilichonse chimene mukutsimikiza musanabaye. Mukauzenso mphunzitsi wanu wa ku sukulu zimene zinachitika, kuphatikizapo nkhani ya mabedi osinthanitsidwa popanda kukudziwitsani, chifukwa msampha umene unakupezani inu ungathe kupezanso mnzanu amene sadzakhala ndi womugwira dzanja.

Nthawi yathu yatithera pamenepa, omvera athu. Makalata a makolo amene ana awo akuphunzira unamwino ndawasunga, ndipo tidzayamba nawo sabata yamawa. Inu achemwali a kalata yomalizayi, mutilemberenso mukabaya majakisoni amenewo, mutiuze ngati manja akhazikika.