Mamilimita 1067: Njanji ya Agogo Athu pa Tebulo la ku Rugare

[Kamera ili pansi, pafupi ndi njanji yodutsa m'mphepete mwa Rugare. Dzanja likukoka tepi kuchokera pa chitsulo china kufika pa chinzake.]

Taonani apa. Mamilimita 1067. Mita imodzi ndi kachidutswa. Nambala imeneyi muisunge, nkhani yonse ya lero yagona pakati pa zitsulo ziwirizi.

Moni nonse a ku Rugare, a ku Mbare, a ku Mufakose muno mu Harare, ndi inu amene mukutionera muli kumudzi, kaya ndi ku Dedza, ku Chipata kapena ku Tete. Ana, izi zogwada panjanji musatengere. Ine ndayamba ndayang'ana uku ndi uku.

Tepi yomweyi mukapita nayo pa siteshoni ya Limbe, mupeza 1067. Ku Kabwe, ku Beira, ku Johannesburg, chimodzimodzi. Mpata umenewu unakhazikika ku Cape, n'chifukwa chake amautchula kuti Cape gauge. Ku England, kumene injini zambiri zinkachokera, mpata wawo ndi wotambalala, mamilimita 1435. Kuno anayala wopapatiza chifukwa sudya ndalama zambiri, komanso umakhota bwino m'mapiri.

[Pakhonde. Patebulo pali njanji yaing'ono yozungulira, timabogi ndi kasiteshoni ka makatoni. Amalume avala magalasi, akupukuta kanjanji ndi kansalu.]

Awa ndi amalume anga. Anakalambira pa ntchito yolumikiza mabogi ku Lochinvar, kuseri kuno. Bambo awo, agogo anga, anachoka ku Ntcheu ali mnyamata ndipo moyo wawo wonse unathera pa kunyamula zitsulo za njanji ndi kusinja miyala pansi pake. Amalume atapuma pa ntchito anayamba izi mukuzionazi. Akazi awo amati mdala wabwerera ku zidole.

AMALUME: Chidole chimafuna rula? Iwe muphwa, auze anthu bwinobwino.

Ndiwauza, amalume. Koma tiyambe ndi sitima zenizeni.

[Mapu. Chala chikuyenda kuchokera ku Beira.]

Njanji inafika ku Bulawayo mu 1897 kuchokera kummwera. Ina inkabwera kuchokera kunyanja, ku Beira, ndipo inafika ku Umtali, amene lero ndi Mutare, mu 1898. Koma ya ku Beira inali kanjanji kakang'ono, mpata wake mamilimita 610 basi. Pamene njanji ya 1067 inachoka ku Umtali n'kufika muno mu Salisbury, amene lero ndi Harare, mu 1899, panabuka mutu: bogi la ku Beira silikanapitirira Umtali. Thumba lililonse, bokosi lililonse, anthu ankatsitsa ndi manja n'kukwezanso m'bogi lina. Mu 1900 anaikulitsa ya ku Beira ija, ndipo mu 1902 Salisbury ndi Bulawayo zinalumikizana. Mukuona kuti mpata wa njanji si nkhani yamasewera, unathyola misana ya anthu.

Kumudzi nako, njanji yochokera ku Port Herald, Nsanje ya lero, inafika ku Blantyre mu 1908. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika makilomita oposa 3.6, unatsegulidwa mu 1935. Kuchokera pamenepo munthu akanatha kukwera ku Limbe, kutsika ndi chigwa cha Shire, kuwoloka Zambezi, kukafika ku Dondo, kukwera mapiri a ku Machipanda, mpaka kutulukira pa siteshoni yomwe ili mu Kenneth Kaunda Avenue lero. Kunena zoona, ambiri mwa makolo athu analibe ya tikiti. Ankabwera wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Amene sanabwerere kumudzi anatchedwa machona. Ifeyo ndife zidzukulu za machona, ndipo Rugare weniweniyu anamangidwa ndi a njanji kuti azigonamo antchito awo. Antchito akuda a njanji ndiwo ananyanyala ntchito mu 1945, kuyambira ku Bulawayo, ndipo Joshua Nkomo asanatchuke pa ndale anali mtsogoleri wa bungwe lawo.

[Zithunzi zojambulidwa pawindo la sitima.]

Tsono za kukongola kwa ulendo. Anthu amathamangira kutchula mathithi a Victoria Falls, koma ine mtima wanga uli pa njira ya ku Mutare. Marondera, Macheke, Rusape, Nyazura, Odzi. Mukaidutsa kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala, mitengo ya msasa imakhala itaphuka masamba ofiira, ena ngati moto, ena ngati uchi, ndipo pakati pake pali miyala ikuluikulu yosanjikizana ngati wina anachita kuiika dala. Basi imakuthamangitsani osaona kanthu. Sitima inkakupatsani nthawi yoti muwerenge ng'ombe.

Ya ku Victoria Falls ndinaikwera usiku kuchokera ku Bulawayo ndili mnyamata, ndili ndi amalume omwewa. Pakati pa Gwayi ndi Dete njanji imawongoka makilomita oposa 110 osakhota ngakhale pang'ono, ikutsata malire a Hwange National Park. Tulo sindinatione, nkhope ili pagalasi, kudikira njovu. Ndipo kutsogolo kuli mlatho uja wa 1905, wotalika mamita 198, uli lende mamita pafupifupi 128 pamwamba pa Zambezi. Zitsulo zake zinapangidwa ku Darlington ku England. Cecil Rhodes ankafuna kuti nkhungu ya mathithi izinyowetsa mabogi podutsa, koma anamwalira mu 1902, mlathowo sanauone.

[Tabwerera patebulo. Rula ili pambali pa kanjanji.]

Tsopano masamu, musathawe. Sitima zazing'onozi zili ndi miyezo yake. Wotchuka kwambiri ndi HO: chinthu chilichonse chimachepetsedwa ka 87. Munthu wamkulu amatsala masentimita awiri. Wa Angelezi, umene a kampani ya Hornby amapanga, ndi OO, wochepetsa ka 76. Yonse iwiri imayenda pa kanjanji ka mamilimita 16.5. Palinso N, wochepetsa ka 160, kanjanji kake mamilimita 9, wabwino kwa a nyumba zopanikizika koma wozunza maso a akuluakulu.

Pa HO, mlatho wa ku mathithi ungatalike mamita 2.3, ndipo chigwa chake chingafike pachifuwa panu. Dona Ana angafune mamita 42. Njira yowongoka ya ku Dete ija ingapitirire kilomita yathunthu, kudutsa m'mipanda ya eni ake. Ndiye palibe amene amakopera zonse. Umasankha kachigawo kamene kakukhudza.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Tengani 1435 mugawe ndi 87, mupeza 16.5. Kutanthauza kuti kanjanji ka m'bokosi kaja kakutsanzira njanji ya ku Ulaya, osati yathu. Yathu, 1067 kugawa ndi 87, imatipatsa mamilimita 12 ndi pang'ono. Mukaika bogi la NRZ, kampani ya njanji ya muno mu Zimbabwe, lochepetsedwa ka 87 pa kanjanji ka 16.5, limaoneka lotang'adza miyendo. Mlendo sangazindikire. Munthu amene wakhala zaka zambiri akulowa pansi pa mabogi amazindikira asanakhale n'komwe pansi.

AMALUME: Sitima yathu thupi ndi lalikulu, miyendo ili pafupi. Imayenda ngati mayi wasenza mtolo wa nkhuni.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, kufunafuna kanjanji ka mamilimita 12. Kalipo, koma muno mudzatha nsapato, ndipo kuitanitsa kunja ndi madola. Yachiwiri ndi imene amalume anasankha, ndipo ine ndikuti ndiyo yanzeru kwa ife. Kanjanji ka 16.5 mukasiye momwemo, koma sitimayo muikulitse, muichepetse ka 64 m'malo mwa 87. Gawani 1067 ndi 64, mupeza 16.7. Kusiyana kwake diso silingaone. Choncho mumapeza injini yakale ya HO kapena OO, mwina kwa wachibale wa ku Joni kapena pa malonda a katundu wa m'nyumba, mumachotsa thupi lake lachizungu, mumasunga mota ndi mawilo, n'kumanga thupi lanu. Aliyense amene anakula akupinda magalimoto a waya, manja ake akudziwa kale theka la ntchitoyi.

[Amalume akunyamula injini yaitali, yopindika pawiri.]

Iyi ndiyo nyadiro lawo, injini ya mtundu wa Garratt. Ambiri a ife tinaiona ikufuka utsi koma sitinafunse chifukwa chake ili ndi maonekedwe otere. Injini wamba imakhala ndi chimgolo chowiritsira madzi pamwamba pa mawilo. Garratt ili ndi magulu awiri a mawilo, lina kutsogolo litasenza thanki ya madzi, lina kumbuyo litasenza malasha, ndipo chimgolo chija chimalendewera pakati ngati machila. Kulemera kumagawikana pa mawilo ambiri, ndiye njanji yopepuka siiphwanyika. Pokhota, imapindika m'malo awiri. Ndipo poti pansi pa ng'anjo palibe mawilo, ng'anjoyo imakula momwe angafunire, n'kumadya malasha a ku Hwange mosaumira. Zambiri zinapangidwa ndi kampani ya Beyer, Peacock ku Manchester. Mukapita ku Bulawayo, kalowe ku Railway Museum mukaime pambali pa imodzi, mudzadziona kuchepa. Bogi la Rhodes lilinso komweko.

Ya amalumeyi ndi ma injini awiri akale olumikizidwa, chimgolo chake ndi paipi ya pulasitiki. Inawatengera nyengo ziwiri za mvula.

[Pafupi kwambiri: sefa, mchenga, botolo la guluu.]

Zina zonse n'zotola. Pansi ndi pulayiwudi ya mamita 2.4 ndi 1.2, ya ku Siyaso. Udzu ndi utuchi woviikidwa mu utoto wobiriwira, ngakhale ine ndimati auchite wachikasu, chifukwa dziko lino limabiriwira miyezi yochepa. Malata a siteshoni ndi katoni yosendedwa mbali imodzi kuti mizere ionekere. Miyala ya pansi pa njanji ndi mchenga wa kumtsinje wosefedwa kawiri. Mumauyala ndi kaburashi, kenako mumasakaniza guluu wa matabwa ndi madzi muyezo wofanana, n'kudonthezamo sopo wotsukira mbale dontho limodzi. Sopoyo ndi amene amachititsa guluu kulowa pansi m'malo moundana pamwamba. Muzidontheza pang'onopang'ono. Ine tsiku loyamba ndinakhuthula ngati ndikuthira msuzi pa nsima, guluu analowa posinthira njanji, m'mawa zonse zili gwa. Amalume sanandilankhule mpaka madzulo.

Magetsi amayenda m'zitsulo ziwiri zomwezo, mavoti osapitirira 12, kulowa pa mawilo a mbali ina, kudutsa mu mota, kutulukira mbali inayo. Mukasinthanitsa mawaya, sitima imabwerera m'mbuyo. Ndiye mdani wamkulu ndi fumbi. Sitima ikamayenda modukiza, musathamangire kumasula mota, yambani mwapukuta njanji ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti. Sandipepa ayi, amasiya mikwingwirima yosunga litsiro. Magetsi akathima, monga achitira panopa, amalume amakoka batire la sola, koma pakati amaikapo fyuzi ndi kachipangizo kochepetsera liwiro. Batire lachindunji lingatenthe mawaya chitsulo chikagwera panjanji.

[Amalume akulumikiza mawaya. Garratt ikunyamuka pang'onopang'ono, ikudutsa kasiteshoni. Kamera ikuyandikira chikwangwani cholembedwa pamanja.]

Amalume, chikwangwanichi mwalemba Balaka. Koma kumbuyoku ndi miyala ya ku Macheke, ndipo injini yake ndi ya ku Bulawayo. Balaka ndi Macheke zinayandikana liti?

AMALUME: Bambo ankati akadzapuma adzatsikira pa Balaka, n'kupeza galimoto ya ku Ntcheu. Anaikidwa ku manda a Warren Hills, muno mu Harare. Patebulo pano njanji ndi imodzi, mpata ndi womwewo. Tachotsa chigongono chakocho, sitima ikubwera.