Makalata a omvera: kamba wa mwana wa sukulu

Takulandirani omvera. Makalata ambiri sabata ino akukamba za kamba wa ana a sukulu, koma ndiyamba ndi imene yandisowetsa tulo.

Alemba ndi mayi ena a ku Chirimba mu mzinda wa Blantyre, amene amagwira ntchito ya m'nyumba. Akuti mwana wawo wa Sitandade 5 wayamba kubwerera nawo kunyumba mtedza wokazinga umene amamupatsira, chifukwa anzake akumuseka kuti amadya za kumudzi. Kwa abwana awo amaona ana akudya granola ya m'katoni, koma ataona mtengo wake m'sitolo anangoibwezera pashelefu mwakachetechete. Akufunsa kuti, kodi ndingapange ndekha?

Mayi, mungathe, ndipo uvuni sikofunika. Mawa mukamatsuka mbale kwa abwanawo, muyang'anitsitse zotsalira m'mbalemo. Mupezamo oats, mtedza, tinthangala, ndi uchi kapena shuga wozimata pamodzi. Basi. Kupatula oats, zonsezo timalima tokha kuno. Chakudyachi chinayambira ku America m'chaka cha 1863, kwa dokotala wina dzina lake James Caleb Jackson, ndipo chake chinali chouma gwa, mpaka ankachiviika mumkaka usiku wonse kuti mano asathere pomwepo. Chanu chikoma kuposa icho.

Tengani makapu 3 a oats. Ndi okhawo ogula mokwera, koma paketi imodzi ikufikitsani patali. Onjezani kapu imodzi ya mtedza wokazinga kale, wopukusa makoko ndi kuuswa pang'ono mumtondo, osausandutsa nsinjiro. Kenako theka la kapu la chitowe kapena nthanga za maungu zosenda, masupuni 3 a mafuta ophikira, masupuni 4 a uchi, ndi kamchere. Uchi ukasowa, sungunulani shuga m'timadzi pang'ono. Sakanizani mpaka zonse zinyowe, muike m'chiwaya pa mbaula makala atazilala, ngati nthawi imene mwaphula nsima. Muzitakasa osalekeza kwa mphindi 15 kapena 20, mpaka zifiirire. Apa ndiye pofunika mtima, mayi. Ine tsiku loyamba ndinapita kukayankha foni, pobwera ndinapeza makala awiri, ena pansi pa chiwaya ena pamwamba. Mukaphula zimaoneka zofewa, musadandaule. Yalani m'thireyi zizizire, zikhala khirichi khirichi zokha. Zikazizirathu sungani m'botolo louma lotseka bwino.

Tsono ndiloleni ndikudzudzuleni pang'ono, inu ndi makolo tonse. Mwana akati anzake akumuseka, ife timathamangira kugolosale kukagula majigisi ndi zakumwa zamitundumitundu kuti afanane ndi anzake. Kodi mwanayo tinamuuzapo kuti mtedza umene akuchita nawo manyaziwo umamanga thupi, pamene kapaketi kaja ndi mphepo, mchere ndi utoto? Azaumoyo amatiuza za magulu 6 a zakudya, ife n'kumavomera ku sikelo, tikafika kunyumba taiwala. Mpangireni granolayo, koma mukhale naye pansi, asende nawo nthangazo ndi manja ake.

Bambo a ku Mchinji mwafunsa ngati mtedza wa Chalimbana ungachite pa granolayu kapena pakufunika wa mtundu wa CG7. Uliwonse umene uli m'nkhokwe, bambo.

Achemwali a ku Mangochi, mango oumitsa ndi nthochi zoumitsa muike mutaphula, pamoto zimapserera.

Makalata 3 adandaula kuti mtedza wogula pamsika ukumawawa. Apa ndisaseke. Kuwawako nthawi zambiri ndi chuku, ndipo poizoni wa chuku amaononga chiwindi. Kukazinga sikumuchotsa. Inu amene mumawaza madzi mtedza kuti usavute kusenda, kapena kuti ulemere pasikelo, lekani, mukudwalitsa ana a anzanu. Ogula nanunso muzisankha m'lichero: wofota, wakuda, wofumbwa, wobiriwira mkati, tayani osaumva chisoni.

Agogo a ku Ntcheu akufuna kupatsa mdzukulu wa zaka 2. Ayi agogo, mtedza wathunthu ungamutsamwe. Ameneyo muthireni nsinjiro m'phala.

Nanga achimwene a ku Kawale amene mukuti akazi anu amabisa botolo la granola? Achimwene, anapangira ana. Nthawi yatithera, tikumane sabata ya mawa.