Charan Singh: Nduna Yaikulu ya masiku 23 imene alimi a ku India sanaiwale

[Chithunzi: minda ya tirigu ndi nzimbe kumpoto kwa India]

Moni nonse amene mukuonera. Pa 28 Julayi 1979, Chaudhary Charan Singh analumbiritsidwa kukhala Nduna Yaikulu ya India. Pa 20 Ogasiti anatula pansi udindo, asanaimepo n'komwe m'Nyumba ya Malamulo ngati mtsogoleri wa boma. Masiku 23 basi. Nanga n'chifukwa chiyani tsiku lake lobadwa, 23 Disembala, ndilo Tsiku la Alimi m'dziko lonse la India? Kuti timvetse, tichoke ku Delhi, tipite kumunda.

[Mapu: Uttar Pradesh, dera la Meerut]

Anabadwa mu 1902 m'mudzi wa Noorpur, kwa makolo olima. Sukulu anapita nayo patali mpaka kukhala loya ku Ghaziabad, koma uloyawo sunamugwire mtima. Mu 1930, Mahatma Gandhi atauza anthu kuti aphwanye lamulo la Angerezi loletsa kudzipangira mchere, Charan Singh anakapanga wake pa mtsinje wa Hindon, n'kutsekeredwa miyezi 6. Ndende anailowanso mu 1940 ndi mu 1942.

Omenyera ufulu amene anamangidwa nthawi imeneyo anali ambirimbiri. Iyeyu anasiyana ndi anzake chifukwa cha funso limene silinkachoka pakamwa pake: Mngerezi akapita, munda ukhala wa yani?

[Chithunzi chakale: mlimi akulima ndi ng'ombe]

M'madera ambiri kumeneko, wogwira khasu sanali mwini munda. Pakati pa iye ndi boma panali bwana wotchedwa zamindar, amene ankatolera lendi, kupereka gawo lake ku boma, zotsala n'kudya yekha. Ankathanso kuthamangitsa banja pamunda umene lalimapo zaka zambiri, ngakhale kuligwiritsa ntchito yaulere. Amene agogo anu anakusimbirani za thangata, apa simufunika kumasuliridwa. Kumbali inayi kunali akatapila, oti ngongole ya bambo ankamaliza kubweza ndi mwana.

Atasankhidwa kukhala phungu wa ku Chhaprauli mu 1937, anayamba ndi akatapilawo: mu 1939 anathandiza kukonza lamulo lochepetsa ngongole za alimi. Koma ntchito imene ine ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse inadza ufulu wa 1947 utabwera. Iye ndiye anatsogolera polemba lamulo lothetsa azamindar m'chigawo chake cha Uttar Pradesh, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 1952. Mlimi tsopano anayamba kupereka msonkho wake ku boma mwachindunji, ndipo panalibenso bwana womuuza kuti samuka.

Lamulo kulilemba n'kosavuta, mavuto ali pa kaundula. Mabuku osonyeza kuti munda uwu amalima ndi uje ankasunga ndi alembi a m'midzi otchedwa patwari, ndipo ambiri ankadya limodzi ndi mabwana aja. Mu 1953 alembi pafupifupi 27,000 analemba makalata osiya ntchito nthawi imodzi, poganiza kuti boma liwagwadira. Charan Singh anangowalandira makalatawo, n'kulemba anthu atsopano pa udindo wotchedwa lekhpal. Tangoganizani kulimba mtima kwake.

[Chithunzi: Jawaharlal Nehru pa msonkhano]

Mu Januwale 1959, pa msonkhano wa chipani cha Congress ku Nagpur, Jawaharlal Nehru, Nduna Yaikulu ya India panthawiyo, ankafuna kuti alimi aphatikize minda yawo azilima pamodzi. Masiku amenewo kutsutsa Nehru pagulu kunali kuputa mavu m'khomola. Charan Singh anaimirira n'kukana, ponena kuti munthu amalimbikira pa munda umene akudziwa kuti ndi wake. Apa ndikugwirizana naye kotheratu. Mu 1967 anachoka mu Congress, ndipo anakhala munthu woyamba wosakhala wa chipanichi kutsogolera boma la Uttar Pradesh.

Za ku Delhi tingodutsa mwachangu. Indira Gandhi, Nduna Yaikulu panthawiyo, anamutsekera mu 1975, pa nthawi ya ulamuliro wadzidzidzi. Mu 1977 anakhala nduna m'boma la Morarji Desai, awiriwa n'kusemphana, bomalo n'kugwa mu 1979. Mpando wa Nduna Yaikulu uja anaupeza atatsamira pa mavoti a Indira yemweyo, ndipo mayiyu atachotsa dzanja lake, zonse zinathera pomwepo. Anangosungira mpandowo mpaka 14 Januwale 1980 podikira chisankho.

Pali china choti ndisakubisireni, chifukwa chimandipweteka. Malamulo ake anapindulira kwambiri alimi amene anali kale ndi munda wobwereka. Aganyu opanda ndi kachigawo komwe, ambiri a iwo a mtundu wonyozedwa wa Dalit, anatsala chimanjamanja, n'kumalimabe minda ya ena.

[Chithunzi: Kisan Ghat, Delhi]

Anamwalira pa 29 Meyi 1987. Mu 2024 boma linamupatsa ulemu wa Bharat Ratna, waukulu kuposa wina uliwonse m'dzikolo. Malo a chikumbutso chake ku Delhi amatchedwa Kisan Ghat, ndipo mawu akuti kisan m'Chihindi amatanthauza mlimi.