Ufa wa whey wochita mibulu: vuto limayambira poumitsa

Eya, tiyambe... ayi, ndiyambe ndi funso la achimwene ena a ku jimu, loti bwanji ufa wa whey wina umasungunuka bwinobwino, wina n'kumachita mibulu pansi pa botolo. Nkhani yagona pa kaumitsidwe.

Whey ndi madzi otsala popanga tchizi, onga aja amalekana ndi chambiko. M'malita 100, mapuloteni sakwana kilogalamu imodzi. Ndiye kufakitale amayamba asefa, kenako n'kuumitsa.

Njira yofala ndi spray dryer. Amapopera whey ngati nkhungu m'chinsanja momwe mukudutsa mpweya wotentha madigiri 180 kapena chapompo. Mukuti, aa, 180 sapsa? Sapsa. Kadontho kakamataya madzi kamazizira, monga thukuta limaziziritsira thupi. Mwamva? Ndibwereze. Choopsa si mpweya wolowa ayi, ndi wotuluka, umene umayenera kukhala cha m'ma 80. Ukakwera kwambiri, mapuloteni amakhwinyata n'kumatirirana, poti puloteni wamkulu wa mu whey amayamba kusintha akapitirira madigiri 70 ali m'madzi. Ndiyo mibulu ija. Ukatsika kwambiri, ufa umatuluka wachinyontho, pomwe chinyontho chisamapitirire 5 pa 100 alionse.

Ina ndi freeze drying: amauundanitsa ngati ayezi, n'kuchotsa madziwo mu vacuum, m'chipangizo chochotsedwa mpweya, popanda moto. Ufa wabwino, koma mtengo wake, iii. Palinso njira youmitsira pa chimgolo chotentha, koma imapsereza, tisataye nayo nthawi.

Tsono poyesa. Tengani magalamu 30, madzi ozizira mamililita 250. Ozizira, ndati ozizira, osati a mu fulasiki. Madzi ayambe kulowa m'botolo, ufa pambuyo. Khutchumulani masekondi 30, muusiye mphindi 5. Mukaona nsenga zambiri pansi, kapena mtundu wofiirira pa ufa wopanda chokoleti, kafungo ka shuga wopserera... ameneyo wapsa, kapena wakalamba pa shelefu. Shuga wa mumkaka wagwirana ndi lysine, kamodzi mwa tizidutswa topanga puloteni, ndipo lysine wogwidwa choncho thupi silimugwiritsa ntchito.

Mnyamata wina cha ku Monkey Bay anauzidwa, osamva. Anayanika madzi a chambiko pa lata, ati apange wake. Ntchentche, kununkha, chotsala chinali chomata ngati ulimbo. Dzuwa limaumitsa usipa pa thandala, koma whey amasasa asanaume.

O, ndikanaiwala, kasungidwe. Shuga uja amakoka chinyontho, ndipo kuno kunyanja nthawi ya mvula mpweya umakhala wonyowa. Supuni ikhale youma. Youma. Tsekani chitini mukangotapa, osachiika pawindo kapena pafupi ndi mbaula, makamaka kutentha kwa Okutobala kuja. A m'magolosale, musamagawe m'timajumbo. Ufa ukauma gwa ngati mwala, madzi analowa kale.