Mayina a zigawo za nephron: tiyeni titsatire madzi mu impso

Moni nonse, takulandirani. Tengani pepala ndi pensulo, tijambule limodzi.

Impso iliyonse ili ndi timagawo tosefa magazi pafupifupi 1 miliyoni. Kamodzi kamatchedwa nephron, ndipo simungakaone popanda maikulosikopu. Ophunzira ambiri amaloweza mayina a zigawo zake pamndandanda, pofika pa mayeso n'kuwasokoneza. Ine ndimakonda kutsatira madzi kuyambira polowera mpaka potulukira, chifukwa dzina lililonse lili ndi malo ake m'njiramo.

Magazi amabwera kudzera m'kamtsempha kotchedwa afferent arteriole. Kamtsemphaka kamagawikana n'kukhala timitsempha tambirimbiri topiringizana ngati ulusi wokulunga. Timitsemphati ndiye glomerulus. Magazi amatulukira pa efferent arteriole, ndipo tayang'anitsitsani pa chithunzi chimene tikujambulachi: kotulukira n'kopapatiza kuposa kolowera. Magazi amapanikizana mkatimo, madzi n'kufinyika kutuluka pamodzi ndi mchere, shuga ndi urea (zinyalala zimene thupi limataya mumkodzo). Maselo a magazi ndi mapuloteni akuluakulu sadutsa, amatsala. N'chifukwa chake dokotala akapeza mapuloteni ambiri mumkodzo, maganizo ake amapita kaye ku glomerulus.

Madziwo amagwera m'kathumba kokuta glomerulus, Bowman's capsule. Dzinali ndi la dokotala wa ku England, William Bowman, amene anakafotokoza mu 1842. Glomerulus ndi Bowman's capsule pamodzi zimatchedwa renal corpuscle, ndipo zili mu cortex, chigawo chakunja cha impso.

Apa mvetserani bwino. Pa tsiku, impso ziwiri zimasefa madzi pafupifupi malita 180, koma mkodzo umene munthu amataya umakhala pafupifupi lita ndi theka. Ena onsewo amabwerera m'magazi, ndipo ntchito imeneyi ndi ya kachubu kamene kakutsatira.

Chigawo chake choyamba ndi proximal convoluted tubule, chokhotakhota, choyandikana ndi kathumba kaja. Pamenepa pokha pamabwerera pafupifupi 65 peresenti ya madzi ndi mchere, komanso pafupifupi shuga yense. Shuga akachuluka mopitirira m'magazi, kachubuka kamalephera kubweza yense, wotsalayo n'kutuluka mumkodzo. Zimenezi ndi zomwe zimachitika kwa wodwala shuga.

Kenako kachubuka kamawongoka, kamatsikira mkati mwa impso, mu medulla, n'kutembenuka kukweranso. Apa ndi pa loop of Henle, dzina la katswiri wa ku Germany, Jakob Henle, amene analemba za chigawochi mu 1862. Kwa ine, nephron yonse ikomera pamenepa. Mbali yotsika, descending limb, imatulutsa madzi. Mbali yokwera, ascending limb, imatulutsa mchere koma madzi siwalola kudutsa. Mcherewo umaunjikana mu medulla. Musauiwale, tiupezanso posachedwa. Mankhwala a furosemide, amene amaperekedwa kwa otupa miyendo chifukwa cha matenda a mtima, amagwira ntchito pa mbali yokwerayi: mchere sutuluka m'kachubu, madzi amautsatira, munthu n'kumakodza kwambiri.

Tikabwerera mu cortex tikupeza distal convoluted tubule, kokhotakhotanso koma kakutali ndi kathumba. Kumapeto kwake homoni ya aldosterone imathandiza kubweza mchere wa sodium m'magazi n'kutaya mchere wa potassium.

Zotsala zimathira mu collecting duct, imene imatsikanso kudutsa mu medulla muli mchere muja. Thupi likasowa madzi, homoni yosunga madzi m'thupi, ADH (antidiuretic hormone), imatsegula njira m'makoma a chubuyi, mchere uja n'kukoka madzi kubwerera m'thupi. Mkodzo umachepa, n'kukhala wachikasu kwambiri. Mukamwa madzi ambiri, ADH imachepa, mkodzo umachuluka n'kuyera.

Chenjerani pa mayeso: collecting duct imodzi imalandira kuchokera ku ma nephron angapo, choncho mabuku ena saiwerengera ngati chigawo cha nephron. Onani zimene buku lanu likunena. Kuchoka apo mkodzo umasonkhana mu renal pelvis, malo onga fanulo pakati pa impso, n'kutsika mu chubu chotchedwa ureter mpaka m'chikhodzodzo.